Mpando umene ndinakhomera alamu anga

Ana inu, khalani pansi bwinobwino. Iwe Takondwa, mpando wapulasitikiwo usamaupendeketse chagada. Ukathyoka ine sindingaukonze, pulasitiki salandira msomali.

Mwandifunsa kuti pa zonse zimene manja angawa anapanga, chokongola kwambiri chinali chiyani. Mukudikira kuti nditchule zitseko za kutchalitchi kapena kabati ya agogo anu aakazi. Si zimenezo. Unali mpando wa m'boti. Mukusekatu, poti kuno ku Mchinji boti mumangolionera pa foni. Koma linalipo, pa mtsinje wa Rusa, kuseri kwa Mkanda uko kumene ine ndinakulira. Mwini wake anali alamu anga a Jailosi, amuna a mlongo wanga Esinati, mlongo wanga uja inu mumati agogo a ku Mkanda.

A Jailosi sanali a kuno. Kwawo kunali kunyanja ya Chilwa, ndipo anabwera pa lole pamodzi ndi anzawo kudzalima fodya pa esiteti ngati matenanti, nthawi ya chipani chimodzi. Fodya sanawayanje. Munthu wozolowera mphepo ya pamadzi, kumuika m'chigafa tsiku lonse akusoka masamba, ankangokhala ngati nkhuku yonyowa. Koma anali munthu woseka, wa mapewa aakulu, ndipo Esinati atawaona kumsika, nkhani inathera pomwepo. Anamanga nyumba pamudzi pathu ngati mkamwini. Ine monga mchimwene wamkulu ndinali mwini mbumba, choncho zonse za pabanjapo zinkadutsa kwa ine. Gwirani mawu amenewo, chifukwa udindo umenewo ndi umene unandinamiza.

Atabwera matipate, esiteti ija inayamba kufooka, mwini wake anasamukira ku Lilongwe, matenanti n'kubalalika. A Jailosi anatsikira kumtsinje. Pa Rusa pathu paja panali mlatho wa mitengo umene unkakokoloka chaka chilichonse mvula ikangolimba, ndipo anthu ankakhala miyezi itatu osafika kuchigayo, kumsika ngakhale kuchipatala. Tsiku lina anandiitana, najambula boti pansi ndi chala.

"Alamu, inu mumadziwa mtengo, ine ndimadziwa madzi. Tiyeni tiphatikize."

Inu mumaganiza kuti matabwa amachokera kusitolo. Ife tinkakumba dzenje, n'kugoneka chipika pamwamba, wina n'kuima pachipikapo, wina m'dzenjemo, sowo wautali pakati. Wa m'dzenje ndiye ankadya utuchi, ndipo wa m'dzenje ndinali ine, chifukwa alamu ankati iwo ali ndi chifuwa. Chifuwacho chinkatha tikangoweruka. M'mipata ya matabwa tinatsekamo nsanza za bulangete ndi phula wosungunula m'chitini. Boti linatuluka lotakata pansi, lonyamula anthu asanu ndi mmodzi ndi njinga ziwiri. Iwo ankaima kumbuyo ndi nsungwi yaitali, akafika pakuya n'kutenga nkhafi. Mvula zisanu kapena zisanu ndi imodzi anaolotsa anthu, osanyowetsapo ngakhale mtolo wa masamba.

Kenaka m'mawa wina ali kudimba anagwa. Tinawatengera kuchipatala pa ngolo. Pobwerako, mwendo wamanzere unali utafa, chiuno chitafooka, moti akakhala pampando wopanda chotsamira ankapendekera mbali imodzi pang'onopang'ono ngati thumba losadzaza. Koma manja ndi mutu zinali zawo zomwe zija. Chaka chimenecho boti linagona pamtunda chozondoka, ana akusewerapo.

Chaka chotsatira ndi chimene galu wakuda anatilowera. Inu njala mumaidziwa ya pamene tiyi wachedwa. Iwe Chisomo dzana unakana phala poti mulibe shuga, ndinakuona. Chaka chimenecho nkhokwe zinatha mvula isanagwe. Tinadya gaga, gaga atatha tinaphika mango osakhwima, mango atatha tinakumba zitsa za nthochi n'kuzisinja. Anthu anatupa mapazi ndi nkhope. Mbuzi inkagulitsidwa ngati nkhuku. Wopezeka ndi chimanga chachiwisi cha mwini, zimene ankamuchita sindingakuuzeni mudakali ana. Amene anali ndi mphamvu ankaoloka Rusa kukafuna maganyu kumaesiteti otsala, ena mpaka ku Zambia, kukalima tsiku lonse kuti alandire kambale ka chimanga.

Mvula yoyamba itangogwa, a Jailosi anafika pakhomo panga akudzikoka ndi ndodo, Esinati atawagwira m'khwapa.

"Alamu, ndikhomereni mpando."

"Mipando kwanu ilipo iwiri, ndinakhoma ndine."

"Wa m'boti. Kuima sindingathe, koma kuwongolera ndingathe nditakhala. Mlongo wanuyu azipalasa kutsogolo, ine ndizigwira njira kumbuyo."

Ndinayang'ana Esinati. Iye anangoti, "Ana anayi aja adya chiyani, achimwene?"

Ndinali ndi thabwa limodzi la mlombwa limene ndinalisunga kudenga zaka zambiri, ndikuti ndidzapangira tebulo. Mlombwa ndi mfumu ya mitengo. Ukauma wauma, madzi saufufumitsa, dzuwa siliupinda, chiswe chimaulambalala. Masiku ano simungaupeze, unathera m'mabalani a fodya ndi m'makala. Ndinalitsitsa thabwalo.

Muyeso tinatengera pa mtondo wozondotsa. Ndinawakhazika alamu pamenepo, nkhafi ili m'manja, n'kuwauza kuti apalase m'malere. Ine ndikuzungulira ndi chingwe cha khonje, ndikumanga mfundo pamene chigongono chikufika, pamene msana ukufuna chotsamira, pamene bondo lakufa lija likugwera. Tepi ndinali nayo, koma thupi la munthu limayezeka bwino ndi chingwe. Iwo ndiwo ankalamula.

"Ukhale wamfupi, alamu. Mpando wautali m'boti ndi mfiti. Chotsamira chisapitirire mapewa. Dzanja lamanja mulisiyire malo. Pokhalirapo muboole mabowo atatu, madzi a mvula azitsika."

Milungu iwiri ndinagwira ntchito imeneyo, m'mimba muli zitsa za nthochi. Ndikakankha kasanu puleni yopalira matabwa ndinkakhala pansi kudikira kuti chizungulire chidutse. Misomali sindinaikemo, chifukwa pamadzi imachita dzimbiri. Ndinalumikiza ndi zikhomo za mtengo. Pokhalira ndinapasema ndi sompho kuti pakhale kachigwa kolandira thupi. Kumanzere ndinaika chotchinga chokwera mpaka m'nthiti kuti asamapendekere, kumanja chotsika, pansi kathabwa kopondera phazi lakufa. Ndinaupala ndi chidutswa cha botolo mpaka unasalala ngati mbale, n'kuupaka mafuta a nsatsi. Unatuluka wofiirira, wa mizere yakeyake, moti amayi a pamudzi ankabwera kudzangousisita. Tinaumangirira ku nthiti za boti, osagwedera ngakhale pang'ono.

Tsiku limene anakhalapo koyamba, analowetsa nkhafi m'madzi, boti n'kutembenuka momvera ngati ng'ombe yodziwa mwini wake. Anaimba kanyimbo ka kwawo kamene ife sitinkakamva mawu ake. Oolokawo ankapereka chimene ali nacho, wina chikho cha chimanga, wina chinangwa chimodzi, ena kungothokoza. Ana a Esinati anayamba kudya kamodzi patsiku, pamene anzawo ankagona ndi madzi.

Patangotha milungu iwiri, Esinati anabwera yekha. Anati boti linagunda chitsa, alamu anatsetserekera kutsogolo n'kugwera pansi m'boti, nkhafi n'kupita ndi madzi. Anthu anachita kuwadzutsa.

"Tsiku lina adzagwera kunja, achimwene. Ndi mwendo umodzi angasambire? Ikanipo chowatchinga kutsogoloku."

Ndinaona kuti akunena zoona. Ndinaganiza zoika mpiringidzo, kamtengo kopingasa pamimba, kolowa m'mabowo a zotchinga ziwiri zija ngati mmene timatsekera khola la ng'ombe. Nditawafotokozera a Jailosi, anapukusa mutu.

"Kwathu munthu wa m'boti savala ngakhale nsapato za zingwe. Pamadzi munthu samangidwa, alamu."

"Sitikukumangani. Mukafuna kutuluka mungokoka, kamtengo n'kusololoka."

"Madzi sapereka nthawi yokoka zinthu."

Apa ndi pamene ndinalankhula ngati mwini mbumba. Ndinati amene akupalasa kutsogoloyo ndi mlongo wanga, ana akudikira kunyumbawo ndi mbumba yanga, ndipo sindilola kuti asanduke amasiye chifukwa cha makani a munthu mmodzi. Ndinati mpiringidzo ukapanda kuikidwa, boti libwerere kumtunda. Ine amene sindidziwa n'kusambira komwe ndinkaphunzitsa munthu wa ku Chilwa za madzi. A Jailosi anagonja.

"Poti mudzi ndi wanu, ikani."

Mlombwa unali utatha. Ndinatenga bulugama wouma amene anali pakhonde. Sabata imeneyo kunali ng'amba, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kamtengoko kanalowa m'mabowo mwake bwinobwino, kosagwedera, kotuluka ndi zala ziwiri. Ndinanyadira. Komatu mmisiri aliyense, ngakhale wophunzira kumene, amadziwa kuti bulugama amamwa madzi n'kufufuma. Ndinkadziwa. Ndinangoti ndidzaonanso.

Mvula inabweranso, ya masiku osawerengeka, yosakata. Nthawi imeneyo ntchito yanga inali mabokosi a maliro basi, mpaka matabwa anatha m'mudzi monse, anthu n'kuyamba kuikidwa m'mphasa. Kunyumba kwanga kunalibe kanthu. Bambo ako iwe Takondwa anali atayamba kutupa masaya. Ndinatenga njinga kuti ndikayese ganyu ku Zambia. Pooloka ndinakhala pafupi ndi alamu, ndipo titafika tsidya anandikodola.

"Alamu, kamtengo kanu kayamba kuuma mutu. Tayesani."

Ndinakoka ndi zala ziwiri, sikanasunthe. Ndinagwira ndi manja onse, n'kupotokola, mpamene kanatuluka kakulira.

"Kangofufuma. Ndikabwerako ndidzakapala, ndi ntchito ya kanthawi kochepa."

"Musachedwe."

Esinati anali kutsogolo akutsitsa njinga za anthu, sanamve. Puleni inali kunyumba, mtunda wosakwana ola limodzi. Ndikanatha kubwerera. Koma anzanga amene ndinali nawo pa ulendowo anali atayamba kale kupalasa njinga zawo, ndipo ndinaopa kuti ndikatsala, maganyu akatha.

Ku Zambia ndinakhala masiku asanu ndi anayi, ndikubandira chimanga cha mlimi wina. Anandipatsa theka la thumba. Ndinafika pa doko la tsidya lija dzuwa lili pamutu, mvula itangokata. Rusa anali atadzaza mpaka m'mabango, madzi ofiira, akunyamula zinyalala ndi mapesi. Padokopo panali khamu, aliyense ndi kathumba kake, aliyense akuganiza za ana amene anawasiya. Boti litangogunda gombe anthu anakhamukiramo.

"Akwana, akwana," a Jailosi ankatero. "Enanu ndikubweranso."

Koma wina anaponyamo thumba, wina n'kudumphiramo pambuyo pake. Munalowa anthu asanu ndi anayi. Ine ndinatsala ndi njinga yanga kudikira ulendo wachiwiri. Alamu anandiona, namwetulira.

"Mwabwerako, alamu? Mwatiiwalatu."

"Mawa m'mawa ndili pano ndi puleni."

Ananyamuka. Sanapite patali, mwina kuchokera pano kukafika pa mtengo wa mapeyala uwo. Kumtunda kunatulukira mkuyu wathunthu wozuka ndi mizu yomwe, ukubwera chogudubuka. A Jailosi anauona msanga, ndipo ndinawaona akukhotetsa boti kuti mtengowo udutse kutsogolo. Akanatha. Koma anthu ataona mizu ija anaimirira onse n'kuthawira mbali imodzi. Boti linapendekeka, linamwa madzi, n'kuvundikira. Nthambi za mkuyu zinalikola n'kulikankhira kumabango a mbali yathu yomweyo.

Pamalopo madzi anali ofika m'khosi. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi atagwira mabango. Mayi wina anatuluka, n'kubwereranso m'madzi kufuna thumba lake la chimanga, amuna awiri anachita kumugwira. Esinati anatuluka akutsokomola, anayang'ana uku ndi uku, kenaka anamira dala pansi pa boti. Anatuluka, anamiranso. Kachitatu anatuluka akungoti, "Mpiringidzo sukutuluka, achimwene, sukutuluka."

Ndinalowa m'madzimo nditagwira mabango. Tinalipo amuna asanu, tonse anjala, manja opanda mphamvu, boti lolemera ndi madzi, nthambi zitalipanikiza. Wina anathamangira kumudzi wapafupi kukabwereka nkhwangwa. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Pamene tinalitembenuza, alamu anali chikhalire pampando wawo, mowongoka bwinobwino monga ndinawayezera, manja onse awiri ali pa mpiringidzo. Zikhadabo zinali zitathyoka. Ndinatola mwala pagombe, ndinamenya katatu, mpamene kamtengo kaja kanatuluka.

Onse asanu ndi anayi aja anapulumuka. Anapita ndi a Jailosi okha, amene mwa onsewo ndiwo ankadziwa madzi.

Ndinazula chitseko cha nyumba yanga n'kupangira bokosi. Uthenga wa kwawo tinatumiza kudzera pa wayilesi, poti mafoni anu aja kunalibe, ndipo abale awo anafika patatha milungu itatu, manda atamera kale udzu. Okumba manda anasinthana kambirimbiri chifukwa cha kufooka, ndipo dzenje silinafike pamene limayenera kufika. Pamaliropo anthu ankati ndi mkuyu, ena ankati ndi aja anadumphiramo, ena ankati ndi njala. Palibe anatchula mmisiri. Esinati ali m'nyumba ya siwa ankangobwereza mawu amodzi, kuti ndine ndinapempha, ndine ndinapempha. Ine ndinali pakhomo pomwepo ndikumva. Ndikanalowa n'kunena kuti mlongo wanga, amuna ako anandiuza, ine ndinapita ku Zambia. Sindinalowe.

Patatha mwezi Esinati anatuma mwana kudzandiuza kuti ndikakonze boti. Ndinafunsa ngati ndichotse mpando.

"Mpando usiyeni. Ndikhalapo ine. Chotsani chinacho."

Anakhalapo mvula zina zitatu, akuwongolera yekha, mayi wina wamasiye mnzake akupalasa kutsogolo. Ana anayi aja anakula ndi nkhafi imeneyo. Kenaka anamanga mlatho wa simenti, boti linakokeredwa kumtunda n'kuwolera komweko. Ine nthawi imeneyo ndinali nditasamukira kuno ku Ludzi, kwawo kwa agogo anu aakazi. Ndinkati ndikutsata ntchito ya matabwa. Zoona zake n'zakuti ndinkalephera kudutsa pakhomo pa mlongo wanga. Ndinkatumiza sopo, mchere, mayunifolomu a ana, koma ine mwini ndinkafikako pamaliro pokha.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa. Chaka china chokolola bwino, nthawi ya makuponi a fetereza itayamba, ndinadwala chibayo kwambiri, ndipo ndili gone ndinaona kuti ndikhoza kupita nazo kumanda. Nditachira ndinakwera njinga mpaka ku Mkanda. Ndinamupeza Esinati pakhonde masana, akuswa mtedza m'lichero. Tinalonjerana, anandipatsa madzi, ndinakhala pamphasa. Ndinayamba kunena ndikuyang'ana pansi. Ndinamuuza za bulugama, za tsiku lija padoko, mawu a alamu akuti musachedwe, ndi puleni imene inali kunyumba. Iye sanasiye kuswa mtedza mpaka ndinamaliza.

"Mwatha, achimwene?"

"Ndatha."

"Ndinkadziwa kuti mpiringidzo uja wafufuma. M'mawa uliwonse ndinkaukhoma ndi mwala kuti ulowe, madzulo n'kuukhomanso kuti utuluke. Alamu anu anafuna kuupala ndi mpeni inu mutangopita. Ndinawabisira mpeniwo."

Ndinadzutsa mutu.

"Uli wofewa ankautsegula tikangofika pakati pa mtsinje, akuyesa kuti ine kutsogolo sindikuona. Utalimba ndinakondwa. Ndinati tsopano sangagwenso." Anatola mtedza wina, nauswa. "Mukanabwera ndi puleni yanuyo ndikanakubwezani."

Sindikudziwa ngati akanandibwezadi, kapena ananena kuti andipeputsire katundu. Sindinamufunse, ndipo mpaka lero sindinafunse. Nkhuku zinkatola makoko pafupi ndi mapazi athu. Kenaka anakankhira lichero pakati pathu.

"Zaka zonsezi mumandithawa chifukwa cha zimenezi? Ine ndinkayesa mukundida poti ndinapha alamu anu."

"Ayi, Esinati."

"Ndiye iswani mtedza, dzuwa likupita."

Tinaswa mpaka lichero linadzaza. Tsiku limenelo ndinagona konko, koyamba chisamukire.

Ndi imeneyotu nkhani mwaifuna. Iwe Chisomo, pukuta m'maso, tenga ndowa ukathandize amayi ako. Pa holide ino mukupita ku Mkanda nonse. Mukakafika, za boti musakawafunse agogo anu. Mukangodzuka m'mawa n'kukawatungira madzi kumjigo, chifukwa mapewa aja anatopa kalekale.